Chilembo chikasowa pa kompyuta, musathamangire kufomata

Pali kulira kwina kumene kwafala m'makwalala a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 mpaka ku Mgona, kulira kopanda maliro koma kowawa ndithu. Munthu amapita ndi kompyuta yake kwa mmisiri chifukwa hard disk, nkhokwe ija imasunga zonse za m'makinamo, yayamba kudwala. Mmisiri aikamo ina, alandira ndalama zake, mwini anyamula makina ake pa kabaza ulendo wa kunyumba. Kufika, kuyatsa, kuyang'ana paja pamakhala chilembo D: pangoti zii. Mwina D: alipo ndithu, koma ukamutsegula akuti uikemo DVD. Basi manja ali kunkhongo, ati zinthu zanga zonse zapita.

Nkhani yanga lero, abale anga, ndi yakuti nthawi zambiri zinthuzo zimakhala zisadapite kulikonse. Chimene chasochera ndi chilembo chabe, ndipo chilembo chimabwezedwa m'mphindi ziwiri popanda kulipira ngakhale tambala. Chimene chimapha katundu wa anthu ndi phuma limene limadza pambuyo pa mantha, pamene mwini kapena mmisiri wake adina batani lofomata poganiza kuti akukonza. Apo ndiye pamagwa maliro enieni.

Wina anena kuti iyi ndi nkhani ya mabwana a ku Area 10 ndi Area 43, ife kuno tikulimbana ndi mtengo wa ufa ndi makala. Ayi ndithu. Tayendani pa msika uliwonse wa m'malokeshoni muno muwerenge timashopu timene mpamba wake wonse uli m'kompyuta imodzi. Pali amayi otayipa makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro. Pali anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, amene katundu wawo adamutolera zaka zambirimbiri. Pali wojambula amene akusunga zithunzi za ukwati wa eni ake zimene sadapereke, mphunzitsi wa sukulu ya pulayiveti amene mayeso a teremu yonse ali momwemo, mlembi wa mpingo ndi kaundula wa obatizidwa, mlembi wa banki m'khonde ndi mndandanda wa angongole. Bwana wa ku Area 10 ali ndi munthu wolembedwa ntchito yosamala makina ake. Ife tili ndi kompyuta imodzi, disk imodzi, ndipo chikasowa chasowa.

Komanso ma disk athu sakhalitsa. Makompyuta ambiri amene tili nawo ndi akaunjika, adagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a maiko akunja asadafike kuno. Hard disk yachikale ili ndi timbale timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Chinthu chotere sichigwirizana ndi kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, kugwedezeka kwa pa kabaza m'misewu yathu ya maenjeyi, ngakhalenso magetsi othima mwadzidzidzi makina ali mkati molemba. Tonse tikukumbuka mdima umene udatigwera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Onjezanipo kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka 44 peresenti mu Novembala 2023, muona chifukwa chake munthu sagula kompyuta yatsopano koma amangosintha disk. Ena akusintha mwadala kuti aikemo SSD, disk yamakono yopanda timbale imene imathamanga kwambiri. Enanso akuika Windows mwatsopano chifukwa kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Onsewa mapeto ake akukumana ndi nkhani ya zilembo.

Kodi chilembocho n'chiyani, nanga bwanji kompyuta imayambira pa C: ngati mwana wolumpha sitandade 1 ndi 2? Mwambowu ndi wakale kuposa ambiri a ife. M'chaka cha 1974 katswiri wina wa ku America, Gary Kildall, adapanga pologalamu yoyendetsa makompyuta ang'onoang'ono yotchedwa CP/M, ndipo m'menemo malo osungirako zinthu ankaitanidwa ndi zilembo. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake yotchuka ija m'chaka cha 1981, pologalamu ya DOS ya Microsoft imene inkaiyendetsa idatengera mwambo womwewo. Makinawo adalibe hard disk. Adali ndi malo a timakomo tiwiri tolowetsapo ma floppy disk, koyamba A: kachiwiri B:. Hard disk itabwera ndi kompyuta ya IBM XT m'chaka cha 1983, ya mamegabayiti 10 okha amene lero nyimbo zitatu zingawadzaze, idapeza A ndi B ali kale ndi eni ake, basi n'kukhala C:. Ma floppy adatha, ana a lero sadawaonepo n'komwe, koma mipando yawo iwiri idakali yosungidwa ngati ya akuluakulu pa bwalo la mfumu.

Mfundo yofunika kuigwira apa n'njakuti chilembo sichidadindidwe pa disk ngati nambala ya injini ya galimoto. Disk imodzi imatha kugawidwa zipinda monga nyumba, zimene amisiri amati ma partition, ndipo ndi Windows imene imapereka chilembo ku chipinda chilichonse. Chipindacho pachokha sichidziwa kuti ine ndine D kaya E. Ife a ku Lilongwe tisavutike kumvetsa zimenezi. Amene adakonza mzinda uno, umene udasanduka likulu la dziko m'chaka cha 1975, adagawa manambala ku madera osalabadira kuti ayandikana kapena ayi. Mlendo amayesa kuti kuchoka ku Area 23 kupita ku Area 25 n'kungodumpha msewu, osadziwa kuti akwera maminibasi awiri, kutsikira m'tauni, pakuti kwina n'kumunsi kuno kwina n'kumpoto cha ku Kanengo. Kawale pa mapu ndi Area 7, Biwi ali mu Area 8, koma ndani adamvapo kondakitala akuitanira Area 7? Nambala ndi ya m'mabuku a ku ofesi, malo ndi malo.

Akuluakulu akukumbukanso kuti boma litasintha m'chaka cha 1994 chipatala cha Kamuzu Central chidayamba kutchedwa Lilongwe Central, ndipo m'chaka cha 2004 Bingu wa Mutharika adabwezeretsa dzina lakale. Zaka zonsezo chipatalacho sichidasunthe ngakhale phazi limodzi. Chidasintha ndi chikwangwani cha pa chipata. Ndi mmenenso zimakhalira D: akasanduka F:.

Nanga zilembozi zimasokonekera bwanji? M'masiku a DOS, Windows 95 ndi Windows 98, makina ankagawa zilembo mwatsopano nthawi iliyonse ukayatsa, motsata lamulo louma: poyamba chipinda chachikulu cha disk iliyonse, kenaka zipinda zotsalira, pomalizira CD. Choncho munthu amene adali ndi C: ndi D: pa disk imodzi akangowonjezera disk yachiwiri, mlendoyo ankalanda D:, mwini wake wakale n'kukankhidwira ku E:. Kuyambira pa Windows 2000 zinthu zidasintha. Windows idayamba kusunga kaundula wakewake, ngati wa nyakwawa, momwe imalemba kuti chipinda chakuti, cha pa disk ya chizindikiro chakuti, ndidachipatsa chilembo chakuti. N'chifukwa chake masiku ano zilembo sizisinthasintha m'mawa uliwonse.

Koma kaundulayo amakhala mkati mwa Windows momwemo. Mukasintha disk n'kuika Windows yatsopano, nyakwawa ndi yatsopano, buku lake ndi latsopano, ndipo kugawa kumayambira pachiyambi: wapezeka pakhomo tsiku limenelo ndiye walandira. Ngati pa tsiku loika Windows disk yosungira katundu idali yosalumikizidwa, DVD imatenga D:. Ngati padali fulashi, kapena makinawo ali ndi kabowo kowerengera memori khadi, nazonso zimatha kulandira zawo, katundu wanu n'kudzapezeka ku F: kapena G:. Nthawi zina chipinda chimangokhala osapatsidwa chilembo chilichonse, ndipo chipinda chopanda chilembo sichioneka n'komwe pamene mumayang'ana paja.

Tsono chisokonezo chimakula chifukwa mapologalamu amasunga adiresi yonse ya fayilo, kuyambira ndi chilembo. Mndandanda wa nyimbo wa mnyamata wa pa msika umati nyimbo yakuti ili ku D:, m'foda yakuti. D: akasintha, pologalamu imagogoda pa khomo lakale, ipeza mulibe munthu, n'kulengeza kuti fayiloyo kulibe. Chimodzimodzi tizithunzi tachidule ta pa sikirini, mndandanda wa makalata amene mudatsegula posachedwa mu Word, ndi mapepala a Excel amene amatenga manambala kuchokera ku fayilo ina. Zonse zimaoneka ngati zafa, pamene katundu ali phee m'chipinda choyandikana nacho.

Izi ndidaziona ndi maso. Mayi wina wa ku mpingo kwathu, amene ali ndi kashopu kotayipira ku Area 23, adanditumira mwana kuti ndifike msanga. Mnyamata wina adali atamuikira SSD n'kusiya disk yakale momwemo kuti ikhale yachiwiri, koma disk yakaleyo siinkaoneka. "Achimwene, taonani nokha," adatero mayiyo, "makalata a makasitomala anga a zaka zisanu, ndikawauza chiyani anthu a eni?" Mnyamata uja, amene adali chikhalire pa mpando mausi ali m'manja, adati: "Amayi, disk iyi yatopa, tingoifomata kuti muziikamo zina." Ndidamugwira paphewa n'kumuuza kuti mphwanga tadikira kaye, tione kaye m'kaundula. Titatsegula, chipinda chija chidali pomwepo, chathunthu, kukula kwake komweko, chongosowa chilembo. Tidachipatsa D:, mafoda onse n'kubwerera ngati nkhuku madzulo.

Mnyamatayo sadali wakuba, sadalinso woipa mtima. Ntchito adaiphunzira poyang'anira mnzake pa benchi, ndipo mankhwala amene adaphunzira ndi amodzi okha, kufomata, ngati sing'anga amene mutu, mimba, chifuwa, zonse amangotemera mphini. Otere ndi ambiri m'malokeshoni muno, ndipo n'chifukwa chake mwini makina ayenera kudziwako pang'ono yekha.

Njira yake nayi, ndipo siifuna digiri, poti ine amene ndikulembane sukulu ya ukachenjede ndidailekera panjira. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe diskmgmt.msc, kenaka mudine Enter. Pa Windows 10 ndi 11 mungathenso kudina Start ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Disk Management. Patuluka chithunzi cha ma disk onse amene makina akuwaona, Disk 0, Disk 1 ndi ena otero, iliyonse ndi zipinda zake. Apa musatengeke ndi zilembo. Yang'anani kukula kwa chipinda chilichonse ndi mawu amene alembedwapo, chifukwa mawuwo ndiwo akuuzeni chochita.

Ngati chipinda chalembedwa kuti Healthy ndi NTFS, ndipo kukula kwake n'kumene mumakudziwa, pumani, katundu wanu alipo. Chidineni ndi batani lakumanja, musankhe Change Drive Letter and Paths. Ngati chilibe chilembo dinani Add, ngati chili ndi cholakwika dinani Change, musankhe chilembo chakale chija. Mukapeza kuti D: palibe pa mndandanda, ndiye kuti wina wamukhalira, kawirikawiri DVD kapena fulashi. Yambani mwamusamutsa iyeyo, mumupatse chilembo chakutali ngati R:, ndipo D: amasuka. Windows ikuchenjezani kuti mapologalamu ena odalira chilembo angasokonezeke. Vomerani, pakuti inu mukubwezera chimene mapologalamuwo akuchifunafuna. Kusintha chilembo sikufufuta fayilo ngakhale imodzi.

Koma C: musamukhudze. Ndi m'mene mukukhala Windows yeniyeniyo, ndipo Disk Management imakana kusintha chilembo chake. Amene amakakamiza polowera njira zamseri amatsala ndi kompyuta yosayaka. Musakhudzenso tizipinda ting'onoting'ono ta mamegabayiti 100 kapena 500 tolembedwa System Reserved, EFI kaya Recovery. Timaoneka ngati topanda ntchito, koma ena mwa ito ndiwo kiyi wolizira galimoto. Tilibe chilembo mwadala, kuti ana asaseweremo.

Ngati disk yalembedwa kuti Offline, kawirikawiri ndi nkhani ya mapasa. Amisiri ena sakhalira kuika Windows mwatsopano, amangokopera disk yakale yonse ku yatsopano ngati fotokope, ndipo ndi njira yabwino ndithu. Koma kukoperako kumatengera ndi chizindikiro chomwe cha disk. Windows ikaona ma disk awiri a chizindikiro chimodzi imagoneka imodzi pambali kuti isasokoneze. Mukaidina ndi batani lakumanja n'kusankha Online imadzuka, Windows n'kuipatsa chizindikiro china, koma dziwani kuti ikatero mwina siidzathanso kuyatsa kompyuta payokha mpaka itakonzedwa. Nzeru n'kuyamba mwazula disk yakale, kuyatsa ndi yatsopano yokha, kuona kuti zonse zikuyenda, kenaka ndi pamene mungalumikize yakale ija.

Ngati disk yakale mwaiika m'kabokosi kolumikiza pa USB kuti mutengemo zinthu, musadabwe kuona C: wanu wakale akutchedwa E: kapena F:. Wakhala mlendo m'nyumba ya eni ake, mpando wa C: uli kale ndi mwini. Lowanimo, mutsegule foda ya Users, kenaka ya dzina lanu, mupeza Documents, Desktop ndi Pictures zili mmene mudazisiyira. Mukaona kachizindikiro ka loko pa chipindacho, ndiye kuti chidatsekedwa ndi BitLocker, ndipo chifuna kiyi wa manambala 48. Windows 11, makamaka kuyambira imene idatuluka m'chaka cha 2024, imatha kutseka disk yokha pa makina ambiri mwini osazindikira, kiyiyo n'kusungidwa mu akaunti ya Microsoft imene idagwiritsidwa ntchito poika Windows. Wopanda kiyi ameneyo palibe mmisiri wa ku Lilongwe kuno amene angatsegule. Choncho mufunseni amene adakuikirani Windows kuti adagwiritsa ntchito akaunti ya ndani, mukopere manambalawo pa pepala disk isadazulidwe.

Ngati disk siikuoneka n'komwe pa chithunzi chija, nkhani si ya chilembo ayi. Thimitsani makina, muone zingwe. Pa kompyuta ya pa tebulo disk ya SATA imafuna zingwe ziwiri, cha magetsi ndi chodutsa uthenga, ndipo chimodzi chikangokhwefuka pa ulendo wa pa kabaza uja disk imasowa yonse. Koma mukamva disk ikulira kuti kha kha kha mobwerezabwereza, thimitsani pomwepo, chifukwa kuiumiriza n'kukanda timbale tija pamene palembedwa zinthu zanu.

Tsopano mvetserani bwino, pano ndi pamene pali dzenje. Mukaona mawu akuti RAW, Unallocated kapena Not Initialized, kapena pakatuluka uthenga wokuuzani kuti muyambe mwafomata disk musadaigwiritse ntchito, dzifunseni funso limodzi: kodi disk imeneyi mudali zinthu? Ngati ndi yatsopano yongochoka m'sitolo, palibe vuto, iyenera kukonzedwa ndi kufomatidwa kuti ilandire chilembo. Koma ngati mudali katundu wanu, dinani Cancel, muchotsepo manja. Mawu amenewo akutanthauza kuti tsamba lolongosola za mkati lang'ambika, osati kuti buku lonse lapsa. Pali mapologalamu aulere ngati TestDisk ndi PhotoRec amene nthawi zambiri amatha kupeza zipinda zosowa ndi kutola mafayilo, bola pa diskyo pasalembedwe chinthu china chatsopano, ndipo zotoledwazo ziziikidwa pa disk ina. Kufomata kwachangu pa hard disk yachikale kumasiyako mwayi pang'ono. Kufomata kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro pa disk yonse, ndipo SSD imasesa yokha zofufutidwa posakhalitsa. Apo ngakhale mutapita ku Joni sizibwerera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali choonadi china chowawa chimene sindingakubisireni. M'malokeshoni muno mudafala chiphunzitso chakuti sunga zinthu ku D:, C: akafa zipulumuka. Chiphunzitsochi n'choona theka lokha. Chimathandiza pamene Windows yaonongeka ndipo mukuika ina pa disk yomweyo. Koma pa malaputopu ambiri C: ndi D: ndi zipinda ziwiri za disk imodzi, ndipo nyumba ikagwa siisankha chipinda. Ndiye ngati mmisiri wachotsa disk yakale n'kuikamo yatsopano osakopera kanthu, D: wanu sadasochere m'makinamo ayi, watsala m'disk ija ili pa benchi ya mmisiri. Mungasinthe zilembo zonse 26, sabwera. Disk Management ikuonetsani zimenezi poyera: ngati pali Disk 0 yokha ya chipinda chimodzi chachikulu, nyamukani mukatenge disk yanu.

Ndipo disk yakale ndi yanu, ngakhale itafa. Pali chizolowezi choipa chakuti mmisiri amatsala nayo ngati kuti ndi gawo la malipiro, mawa lake n'kuigulitsa kwa wina. M'menemo muli zithunzi za banja lanu, makope a ziphaso za makasitomala, manambala a foni a anthu, ngongole za mamembala a banki m'khonde. M'chaka cha 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Koma ngakhale lamulolo kukadapanda, ulemu wokha ukutiuza kuti munthu amene adakusungitsa kalata yake sadakutume kuti ukaisiye pa msika.

Kwa inu eni makompyuta, pali zinthu zitatu zosafuna ndalama zoti muchite lero makina akadali moyo. Choyamba, tsegulani Disk Management muijambule ndi foni, kuti tsiku la tsoka mudzakhale ndi umboni wa mmene zilembo zidalili. Chachiwiri, chipinda chilichonse chipatseni dzina. Dinani D: ndi batani lakumanja, musankhe Rename, mulembe KATUNDU kaya NYIMBO kaya MPINGO. Dzinali, mosiyana ndi chilembo, limalembedwa pa disk penipenipo ndipo limayenda nayo kulikonse, monga Kawale amakhalabe Kawale kaya a ku ofesi amutche nambala yanji. Izi zimapulumutsa kwambiri pa nthawi yoika Windows, chifukwa pamene paja makina safunsa kuti C: kapena D:, amangoonetsa Drive 0 Partition 2, Drive 0 Partition 3, ndipo ndi pomwe amisiri ambiri amafufuta chipinda cholakwika. Dzina likakhalapo limaoneka, dzanja limanjenjemera lisadadine. Chachitatu, disk ya kunja imene mumaidalira ipatseni chilembo chakutali ngati M: kapena X:, kuti mafulashi a makasitomala obwera ndi kupita asamailande mpando.

Pamwamba pa zonsezi, chinthu chimene simungapirire kuchitaya chikhale malo awiri osiyana, osati zipinda ziwiri za disk imodzi. Kaundula wa mpingo, mndandanda wa angongole ndi makalata a makasitomala ndi zinthu zazing'ono zokwana pa fulashi yotsika mtengo. Ikopereni Loweruka lililonse, fulashiyo igone kunyumba osati m'shopu.

Kwa inu amisiri, achimwene anga, ntchito yanu ndi yofunika ndipo popanda inu theka la timashopu timeneti tikadatsekedwa kalekale. Koma mufunseni mwini makina kuti zinthu zake zofunika zili pati musadamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Poika Windows zulani ma disk ena onse ndi mafulashi, pasakhale cholakwika chofufuta. Mukatha bwezerani zilembo mmene zidalili, mumutsegulire mwiniwake mafoda ake aone ndi maso asadalipire, ndipo disk yakale mumupatse m'manja. Mukakumana ndi chimene simukuchidziwa, kunena kuti pepani ichi chandikanika si manyazi ayi. Safunsa adadya phula, koma pa ntchito yanuyi phulalo amadya ndi kasitomala. Nawonso a bungwe la TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja ngati Lilongwe Technical College angachite bwino kuwafikira anyamata ophunzirira pa benchiwa ndi maphunziro afupiafupi, chifukwa ndi iwowa amene akugwira makina a anthu wamba tsiku ndi tsiku.

Kompyuta ndi makina aulemu, musadafufute chinthu imayamba yafunsa ngati mwatsimikizadi. Vuto n'lakuti imafunsa m'Chingerezi, ndipo ife tidazolowera kungodina Yes kuti tione kutsogolo. Tsiku limene idzakufunseni za kufomata disk imene muli thukuta lanu, yankho ndi Cancel, kenaka mukaitane wina wodziwa. Kwa lero ndilekere pomwepa.